Kamunthu Kopanda Msana

Pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa nsapato zovalidwa kale, pali kamalo koti mbuzi yonenepa singatembenukemo. M'menemo ndimo mumakhala a Mabatani, okonza mafoni. Dzina lenileni ali nalo, poti palibe mayi amene amabereka mwana n'kumutcha Mabatani, koma linafufutika ndi kusaitanidwa, moti tsiku lina kuchipatala namwino analifuula mpaka kusasa mawu iwo ali duu pabenchi, akumvera chisoni munthu wogontha ameneyo.

Katundu wawo ndi wochepa: tebulo lomwe mwendo wake umodzi unachirikizidwa ndi chaja yakufa, nyali yopinda khosi ngati kakowa, galasi lokuza zinthu, kachitsulo kotentha kowotcherera mawaya, ndi timasikuluwu tosungidwa m'zivindikiro za mabotolo. Pansi pa tebulo pali bokosi lodzaza mafoni amene eni ake anawataya mtima. Iwo amalitcha manda, ndipo salola munthu kuliponda.

Ntchito amaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Vuto lawo ndi limodzi: akatsegula foni amalowamo. Inu mukuona kabolodi kobiriwira ndi fumbi, iwo akuona mzinda wonse kuchokera kumwamba, misewu yagolide yokhotakhota, tinyumba takuda topanda mazenera, bwalo lalikulu pomwe pamagona batire. Amayamba kudzifunsa kuti anthu a mumzinda umenewu mvula ikagwa amausa pati. Mwini foni amatsokomola, kusuntha mapazi, kutsokomolanso. Wometa ndiye amawadzutsa, akugogoda khoma lamatabwa ndi chipeso.

"A Mabatani! Bwererani kudziko, kwabwera anthu!"

"Ndili pompano."

"Thupi lili pompo, inde. Eni akewo tikawapeza kuti?"

Kulotaku sanakuyambe dzulo. Bambo awo anamwalira iwo akadali kamnyamata kogweluka mano, mayi awo nawo sanakhalitse, ndiye amene anawalera ndi achemwali awo aakulu, mayi wa mawu amodzi ngati chitseko chachitsulo. Achemwaliwo ankawaperekeza ku madrasa, sukulu ya Chisilamu, atawagwira khutu, chifukwa mwanayo akanatha kutsatira gulugufe mpaka kudera lachilendo. M'kalasi anzawo akamabwereza mawu a mwalimu, iwo ankayang'ana zilembo za Chiarabu n'kumaona mabwato, mbedza ndi mbalame zitatera pawaya. Anaphunzira zongokwanira kupemphera swala osachititsa manyazi mtundu, basi. Achemwali anadzasamukira kumzinda wina wakutali, komwe amayang'anira nyumba yogona ana aakazi pafupi ndi madrasa yaikulu, ndipo kumeneko, tikumva, ngakhale nsapato zimafola zokha pakhomo.

A Mabatani anakwatira mkazi wosoka mayunifolomu pafakitale, munthu woponda pansi ndi mapazi onse, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anatenga maso a mayi ake, koma mutu anatengera kwa bambo, n'kuwonjezapo miyendo. Bambo amachoka pamalo ndi maganizo okha, mwana amachoka ndi thupi lomwe. Anamutcha Kamphepo. M'mawa ankapita ku pulayimale, masana ku madrasa ya kuseri kwa mzikiti, ndipo pochokera uko ankadzera pansi pa masitepe kudzakhala pa ndowa yovundikira, kudikira kuti bambo atseke. Nthawi imeneyo ndiyo a Mabatani ankaikonda kuposa zonse. Sankalankhulana zambiri. Mwana ankasanja timasikuluwu potengera msinkhu n'kumatipatsa mayina, bambo ankangomva fungo la choko ndi thukuta la mwana pambali pawo, mtima n'kukhala pansi.

Tsono achemwali anabwera kudzacheza. Nthawi ya swala ya masana itakwana, anauza Kamphepo kuti akatenge udhu, kusamba kuja kwa manja, nkhope ndi mapazi komwe Msilamu amachita asanaime pamaso pa Mulungu. Anamutsatira kumpopi wa kuseri kwa nyumba, manja ali m'chiuno. Kamphepo anayamba ndi mapazi, poti ndiwo anali akuda kwambiri. Kenako anathira madzi kumutu. Kenako anaona chule.

"Achimwene," anatero achemwali madzulo ake, tiyi akuzizira m'kapu. Akati "achimwene" kwa mlongo wawo wamng'onoyu ndiye kuti mlandu ndi waukulu. Masiku abwino amangoti "iwe". "Mwana uyu mukumulera kapena mukungomuweta?"

"Akadali wamng'ono, achemwali."

"M'mera mpoyamba. Amsinkhu wake kwathu kuja akuphunzitsa anzawo. Uyu akusambitsa chule."

"Sanamusambitse, anangomu..."

"Sukulu zikatsekera ndibweranso. Ndidzaima pampopi pomwe paja. Akadzasokoneza ngakhale chala chimodzi ndidzamutenga, akakhale ndi ine mpaka atakula. Ndinawongola inu, ndingalephere kameneka?"

A Mabatani anayang'ana akazi awo kuti awaombole. Akazi awo ankayang'ana m'kapu.

"Alamu akunena zoona, bambo a Kamphepo," anatero pansipansi. "Ine ndimachoka kusanache, ndimabwera dzuwa litalowa. Inu mulipo, koma kukhalapo kwake ndi komwe tikukudziwaku. Mwana aphunzira kwa ndani?"

Masiku otsatira a Mabatani ankayang'ana ndowa ija n'kumaiona yopanda munthu, ngakhale mwini wake ali pomwepo. Anayesa kumuphunzitsa ndi pakamwa. "Manja, mkamwa, mphuno, nkhope..." Pofika pa nkhope mwana anali atafunsa kale ngati nsomba zimatenganso udhu, ndipo choipa n'chakuti bambo nawo anayamba kuliganizira funsolo.

Tsiku lina, dzuwa litawotcha msewu mpaka agalu kusiya kuuwa, anazindikira kuti pansi pa masitepe pali zii. Atatembenuka anapeza Kamphepo ali phee, lilime panja, akusewera gemu pafoni ya kasitomala, gemu ya kamnyamata kothamanga kodumpha migolo. Mwana amene sakhazikika ngakhale atadwala anali ngati chithunzi cha pakhoma. Ntchentche inatera pamphumi pake, inapumula, inanyamuka yokha itakhutira.

"Wakuphunzitsa ndani kudumpha migoloyo?"

"Palibe, adadi. Ukalakwa kamafa, ndiye umayambiranso."

"Osatopa?"

"Mukundisokoneza."

A Mabatani anali ndi laputopu yakale yolira ngati ndege ikamayaka, ndipo pa intaneti anapeza pulogalamu yomwe munthu amapangira timagemu pongolumikiza timabokosi, mofanana ndi mmene iwo amalumikizira mawaya. Masana makasitomala akachepa ankaiyatsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo kulota kunasanduka ntchito. Anajambula kamunthu kovala mkanjo woyera ndi kachipewa, ka maso aakulu, komwetulira ngati munthu amene sanadikirepo basi pamvula. Anakaimika pampopi, kakuyang'ana wosewera maso ndi maso. Kumbuyo kwake anaikako munda wouma, wong'alukang'aluka. Mwana ayambe ndi mawu akuti Bismillah, m'dzina la Mulungu, kenako akhudze pagalasi chiwalo choyenera kusambitsidwa: dzanja lamanja, lamanzere, mkamwa, mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kumutu, makutu, mapazi mpaka mu akakolo. Akakhoza, madzi ochucha m'manja mwa kamunthu ankayenderera kumunda kuja, n'kumera udzu, kenako maluwa, kenako mtengo, ndipo pomaliza mbalame zinkabwera kudzatera. Akalakwa palibe chimene chinkafa. A Mabatani analibe mtima wopha. Kunkangotulukira bakha, n'kumuyang'ana wosewerayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwerera osanena kanthu.

Wometa atamuona bakhayo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Koma awa si achemwali anu awa?"

"Ndi bakha."

"Ndi bakha, inde, ine sindikukana. Koma kayang'anidweko!"

Anafukula manda aja, natenga galasi la uyu, batire la uyo, mpaka mafoni angapo anadzuka, ena ong'aluka, ena omangidwa ndi tepi m'chiuno. Anawanyamula m'thumba kupita nawo kwa a Mwalimu a ku madrasa, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, amene ana akamasokosa amangotseka maso n'kudikira ngati munthu wousa mvula pakhonde la eni.

A Mwalimu anaigwira foniyo ndi zala ziwiri ngati chinthu chotola m'ngalande.

"Zinthu izi ndizo zikundithera ana, inu mukundibweretseranso m'kalasi?"

"Tangoyesani, a Mwalimu."

Anayesa. Chala chawo chosazolowera foni chinaphonya mphuno n'kukhudza khutu. Bakha anatulukira.

"Ameneyu akufuna chiyani?"

"Akuti mwalakwitsa."

"Ine? Ndinayamba kutenga udhu bambo anu asanamere ndevu!"

Anakoka mpando nakhala bwinobwino. Udzu unamera, mtengo unakula, ndipo mbalame zitatera anaziyang'anitsitsa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Kumapeto kwa phunziro kokha," anatero. "Ndipo foni iyi isiyeni kuno, ndiziyang'anira nayo."

Kuyambira pamenepo munthu akadutsa kuseri kwa mzikiti dzuwa likupendeka ankamva zachilendo: bata, kenako timawu ta "Bismillah" apa ndi apo, kenako kulira kwa mbalame m'chipinda chopanda mtengo. Ana ankaunjikana mitu pafoni imodzi ngati anapiye pambale. Amene ankathawa madrasa anabwerera okha, ena n'kukokanso ang'ono awo. A Mabatani ankaima pazenera n'kumaona kuwala kobiriwira kukuvina pazibwano za ana, ndipo mutu wawo unkapita patsogolo osawadikira. Ankaona kamunthu kawo kakuyenda m'misewu yagolide ija kupita ku swala, nyali zikuyaka paliponse kapondapo. Ankaona gemu ya zilembo, momwe chilembo chilichonse chikatchulidwa bwino chimatambasula mapiko. Ankaona ana a m'mayiko omwe iwo sadziwa n'komwe mayina ake, onse atawerama, onse akuthirira munda umodzi waukulu wosaoneka malire. Ndipo munda wa Kamphepo ndiwo unali wobiriwira kuposa yonse. Bakha anali atamuiwala nkhope.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsekera, a Mwalimu anatumiza mawu kuti abwere msanga. Anawapeza ataima pa mipopi ya mzikiti, ana atakhala mondondozana pa timipando tasimenti, manja a malaya atapinda.

"Taonani ana anu."

Ana anayamba. Zinali zokoma kuona. Palibe amene anathamanga, palibe amene anadumpha makutu, palibe amene anamwaza madzi pa mnzake. Kamphepo anali kutsogolo, nkhope ili ndii ngati ya woweruza milandu.

"Si bwino izi, a Mwalimu?"

"Yang'anani manja."

Anayang'ana. Mzere wonse, kuyambira wamkulu mpaka kamwana kotsiriza, unkayamba ndi dzanja lamanzere. Mkono wamanzere. Phazi lamanzere. Onse pamodzi, mokongola, ngati asilikali.

"Udhu wawo sunawonongeke, Mulungu si wovuta choncho," anatero a Mwalimu akusisita ndevu. "Koma tinaphunzitsidwa kuyamba ndi kumanja. Mafoni anu asanabwere, ana awa ankadziwa chimenechi chokha. Lero akudziwa zonse kupatula chimenechi."

"Koma kamunthu kanga kamayamba ndi lamanja! Ndinaonetsetsa!"

"Ndiye kakafunseni komweko."

Chala chimodzi, paja achemwali anatero tsiku lija. Apa linali dzanja lonse, mkono ndi phazi lomwe. A Mabatani anabwerera, ndipo m'malo molowa pansi pa masitepe anangodzigwetsa pampando wa wometa.

"Timete?"

"Ayi."

"Ndiye mwabwera kudzaona nkhope? Palibe chasintha, pepani."

Anakweza dzanja lamanja kuti akande m'mutu. Munthu wa m'galasi lalikulu lija nayenso anakweza dzanja, la mbali yomweyo. Anatsitsa. Anakwezanso. Kenako anatulutsa foni n'kuiimika pafupi ndi galasilo. Kamunthu kanakweza dzanja lake lamanja bwinobwino, koma poti kanali kakuwayang'ana, dzanjalo linali kumanzere kwawo. Mwana akamatsanzira munthu woyang'anana naye sawerenga kuti kumanja kwa mnzakeyo ndi kuti. Amangokweza dzanja lomwe lili moyang'anizana ndi lomwe likuyendalo, ngati pagalasi. Kamunthu sikanalakwe, ana sanalakwe. Wolakwa anali amene anawaimika moyang'anana.

Atamufotokozera, wometa anapukusa mutu.

"Ndiye katembenuzeni, kaziwapatsa msana. Ine akazi anga amandiphunzitsa choncho, ndipo ndimamva msanga."

Anayatsa laputopu natembenuza kamunthu. Kanapyapyala, kanasanduka kamzere, kenako kanazimirira. Pampopi panangotsala malo oyera, madzi akuchucha okha. Kamunthu kanalibe msana. Anali atakajambula kutsogolo kokha, ndipo sizinawabwerepo m'mutu kuti munthu ali ndi kumbuyo.

Mungaganize kuti kujambula msana n'kosavuta, poti palibe maso, palibe mano. Yesani. Woyamba unatuluka ngati chitseko. Wachiwiri ngati thumba la simenti lovala chipewa. A Mabatani anayamba kukhala pakhomo n'kumayang'ana misana ya anthu odutsa, mpaka mayi wina anatembenuka n'kuwafunsa ngati pali chomwe wagwetsa. Inali misana yambiri, yothamanga, yotopa, yonyada, koma panalibe ndi umodzi womwe woti mwana angautsatire.

Unadzabwera wokha, m'mzikiti, pa swala ya madzulo dzuwa lisanalowe. Anali ataima mzere wakumbuyo, kuwala kukulowa chopendeka pazenera, fumbi likuyandama m'menemo pang'onopang'ono ngati lilibe kopita. Munthu wa patsogolo pawo anawerama, ndipo mwadzidzidzi a Mabatani anafupika. Anakhala kamnyamata, kataima kumbuyo kwa bambo ake pampopi wa m'mawa. Nkhope ya bambowo inali itawathawa kalekale. Chithunzi panalibe, ndipo akayesa kuikumbukira inkasungunuka ngati sopo m'madzi. Koma msana unabwera wathunthu. Phewa lamanja lotsika pang'ono chifukwa cha katundu wa zaka zambiri. Kolala yong'ambika, yosokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Makutu oonekera dzuwa ngati masamba anthete. Makwinya a pakhosi, zidendene zong'aluka. Ndi kachizolowezi kaja kokutumula chigongono akamaliza kusambitsa mkono, ngati akuthamangitsa ntchentche. Palibe amene anamuuzapo kamnyamatako kuti kumanja ndi uku. Kankangotsatira chigongono chomwe chayenda.

Swala inatha, anthu anatuluka, iwo adakali chikhalire pamkeka mpaka wosesa anawapempha kuti anyamule mapazi.

Anaujambula wonse, osasiya kanthu, ndi ulusi womwe. Ana ataona kamunthu katsopano anadandaula.

"Nkhope ili kuti, amalume?"

"Nkhope muli nayo kale. Gwiritsani yanuyo."

Pagalasi la foni zinayenda. Dzanja lamanja la kamunthu tsopano linali kumanja kwa aliyense. Koma dzanja lamanzere la Kamphepo linali litalawa ufumu, ndipo ufumu sautula ndi kamwa. Pafoni ankakhoza, pampopi lamanzere linkadumphira kutsogolo lokha, n'kubwerera mwamanyazi madzi atalikhudza kale. Bambo ankamuyang'ana osamukalipira, poti kukalipa sanakuphunzire, ndipo masiku ankatha ngati batire lakale, lodzaza m'mawa, lofiira pofika masana.

Achemwali anatsika basi ndi zikwama ziwiri, china chodzaza, china chopanda kanthu. Chopanda kanthucho anachiika pakhomo penipeni, poti aliyense achione. Mayi a Kamphepo anali atapempha kuti asapite kuntchito tsikulo, ndipo ankangopukuta tebulo loyera kale.

Nthawi itakwana onse anapita kuseri. Kamphepo anakhala pa kampando, napinda manja a diresi. Azakhali ake anaima kutsogolo kwake, maso ndi maso, ndipo mwa chizolowezi cha munthu wophunzitsa anatambasula dzanja lawo lamanja ngati kumulozera poyambira. A Mabatani anaona dzanja lamanzere la mwana likugwedezeka, likunyamuka pabondo.

Manja onse awiri anaima m'malere pamwamba pa madzi.

"Azakhali," anatero Kamphepo, "musaime pamenepo, mukundisokoneza. Pitani kumbuyo kwanga."

Chibadwire chawo, achemwali palibe amene anawauzapo poima. Mwina ndi kudabwako, anazungulira mwakachetechete n'kukaima pafupi ndi mlongo wawo. Kamphepo anatseka maso kanthawi, ngati akudikira wina kuti akhale patsogolo pake. Kenako anati Bismillah, ndipo dzanja lamanja linalowa m'madzi.

Anapita nazo mwadongosolo, osafulumira. Mkamwa, mphuno, nkhope. Mkono wamanja mpaka m'chigongono, nakutumula chigongonocho ngati akuthamangitsa ntchentche. Phewa lake lamanja linali lotsika pang'ono, kamwana kosanyamulapo kanthu kolemera kuposa chikwama cha mabuku. Anapaka madzi kumutu, makutu, phazi lamanja, lamanzere. Anatseka mpopi, natembenuka madzi akudontha pachibwano.

Achemwali sananene kuti wakhoza. Manja anali atachoka m'chiuno.

"Iwe," anatero osayang'ana mlongo wawo, "mapewa amenewa mwanayu wawatenga kuti?"

A Mabatani anatulutsa foni yawo n'kuwapatsa. Achemwali anaitalikitsa kumaso, anaiyandikitsa, kenako anakhala pansi pa khonde, pafumbi pomwepo, mayi amene sakhala pamalo asanapapukute. Pagalasi bambo wa mkanjo woyera anali atawerama pampopi, atawapatsa msana, akudikira. Anayang'ana mpaka galasi linazima lokha. A Mabatani analiyatsanso.

"Ulusi unali wobiriwira," anatero achemwali. "Iwe waika wofiira. Ndinasoka ndine, ndi singano yokhota, akundithamangitsa kuti achedwa kuntchito."

"Ndikonza, achemwali."

"Ukonze lero lomwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, mwaukali, ngati maso ndiwo alakwa. Kenako anakhudza pagalasi mosaganiza, ndipo bakha anatulukira n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'anana nthawi ndithu. "Nanga ameneyu ndi ndani?"

"Ndi bakha, achemwali."

"Hmm. Ndi yekhayu amene akuoneka wanzeru m'menemu."

M'mawa mwake chikwama chija sichinabwerere chopanda kanthu. Munalowa mafoni onse amene a Mwalimu analola kuwataya, ndi ya a Mabatani yomwe, ulusi uli wobiriwira. Achemwali anati ana a kwawo kuja udhu amaudziwa kale, safunika zidole, koma palibe vuto kuti aone. Za Kamphepo anangoti, "Akhale. Koma zilembo sakuzidziwa, ndamumva. Ndidzabweranso." Mayi a Kamphepo anathamangira kuntchito akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo bambo ndi mwana ndiwo anaperekeza mlendo.

Basi yaikulu itakhota pakona n'kusowa, a Mabatani anapuma mpweya womwe anali atausunga chiyambire nkhaniyi. Atayang'ana pansi anapeza mwana atatupa masaya.

"Nanga bwanji?"

"Ndiye ine basi sindikwera?"

"Sukwera. Ukhala ndi ife."

"Palibe anandiuza kuti ndi ya mipando yogona! Ndikanadziwa ndikanayamba ndi lamanzere."

A Mabatani anayang'ana kumwamba, anayang'ana mwana, n'kumugwira dzanja. Anakwera basi ya m'tauni yoyamba kuima, osafunsa komwe ikupita. Kamphepo anakhala kuzenera, mphuno itaphwatalala pagalasi, akuwerenga zikwangwani mokweza ndi kufunsa chifukwa chake mitengo ikuthawira kumbuyo. Basi inafika kumapeto kwa msewu, inatembenuka, iwo osatsika. Pobwerera mafunso anayamba kutalikirana, kenako anatha, ndipo mutu wa mwana unagwera pamkono wa bambo.

Mkonowo unachita dzanzi. Sanausunthe. Anadutsa nyumba yosanja ija, naona pazenera anthu ataima pansi pa masitepe mafoni ali m'manja, wometa akuwafotokozera zinazake akuloza kumwamba ndi chipeso. Kondakitala anawayang'ana ngati kufunsa. A Mabatani anaika chala pamlomo, basi inapitirira.